Ku Florence, kumene chosema chilichonse chili ndi dzina la mwini wake

Anzanga a kuno ku Lilongwe amene anaona zithunzi zanga pa Facebook akhala akundifunsa kuti ndinakatani ku Florence, mzinda wa ku Italy, popeza a kuntchito ananditumiza ku Rome kukachita maphunziro a zaulimi. Nkhani yake ndi yakuti maphunzirowo ankaima Lachisanu madzulo, ndipo Asisiteri ena a ku parishi ya kwathu, amene akuphunzira kumeneko, anakanitsitsa kuti ndibindikire m'chipinda Loweruka ndi Lamlungu lonse. "Achimwene, mukabwerera kumudzi musanaone Florence, mukawauze anthu kuti munangothera pa bwalo la ndege," anatero, matikiti a sitima atagula kale pa intaneti.

Sitima ya pamtunda yochokera ku Rome imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kuti ikafike ku Florence, ngakhale kuti mtunda wake ndi wongocheperako pang'ono poyerekeza ndi wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Munthu akatsika pa siteshoni ya Santa Maria Novella safunanso galimoto, chifukwa mbali yakale ya mzindawu, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 1982, ndi yaing'ono moti miyendo imakwanira.

Choyamba kukumana nacho ndi tchalitchi chachikulu cha Santa Maria del Fiore, chimene anayamba kumanga mu 1296. Makoma anakwera, koma kwa zaka zambiri pakati pa tchalitchicho panali pululu, poti panalibe mmisiri wodziwa kufolera malo otambalala chotero. Amene anathetsa vutoli anali Filippo Brunelleschi, yemwe pakati pa 1420 ndi 1436 anamanga denga lozungulira la njerwa zoposa mamiliyoni anayi popanda kuimika mitengo yolichirikiza kuchokera pansi. Dengalo lili pawiri, lamkati ndi lakunja, ndipo masitepe 463 opita pamwamba amadutsa pakati pa awiriwo. Pokwera, m'malo ena khoma silinapakidwe pulasitala, ndiye munthu amaona ndi maso ake momwe njerwa zina anaziimika chilili pakati pa zogona, m'mizere yopendekeka, kuti zigwirane matope asanaume. Ine, amene ndakhala ndikukangana ndi amisiri pa kanyumba kanga ka ku Area 49, ndinaima pamenepo mpaka a kumbuyo kwanga anayamba kutsokomola mondithamangitsa.

Chimene sindinkachiganizira ndisanapite ndi funso la amene ankalipira ntchito zoterezi. Ntchito yomanga tchalitchicho inkayang'aniridwa ndi bungwe la amalonda a nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo zojambula zambiri zimene anthu amakhamukira kukaona lero zinalipiridwa ndi mabanja a eni mabanki, makamaka banja la Medici. Anthuwa sanali oyera mtima, ndipo mbiri yawo ili ndi ziwembu ndi magazi, koma anali ndi chizolowezi choitana mmisiri, kulemberana naye pangano, kumulipira, ndi kusunga pepala la panganolo. N'chifukwa chake lero, patapita zaka zoposa 500, pansi pa zithunzi zambiri pali dzina la wojambula, chaka, ndiponso nthawi zina dzina la amene anaitanitsa.

Masana a Loweruka tinalowa mu Uffizi, nyumba yosungiramo zojambula imene Giorgio Vasari anayamba kumanga mu 1560 kuti ikhale maofesi a boma la Cosimo woyamba wa banja la Medici. Amene akufuna kupitako agule tikiti ya ola lake pasadakhale, ndipo adziwe kuti Lolemba amatseka. Khamu lonse limathamangira ku chipinda cha Sandro Botticelli, kumene kuli chithunzi cha kubadwa kwa Venus, mulungu wamkazi wa Aroma akale, ndipo kumeneko ndinaona mafoni okwezedwa m'mwamba ochuluka kuposa chithunzicho. Asisiteri sanandilole kuthamanga nawo. Anandiimika m'chipinda china cha koyambirira, mmene muli zithunzi zitatu zazikulu za Amayi Maria atanyamula Mwana, chimodzi cha Duccio, china cha Cimabue, china cha Giotto, n'kundiuza kuti, "Yang'anani mawondo, achimwene, musayang'ane golide." Pa zithunzi ziwiri zoyambazo thupi limaoneka lopyapyala, lopanda kulemera, pamene pa cha Giotto, chimene chinajambulidwa cha m'ma 1310, mawondo amatukula nsalu, mpando uli ndi mkati mwake, ndipo mayiyo wakhaladi pansi monga munthu wa mnofu ndi mafupa. Zaka zolekanitsa zithunzizi ndi zochepa, koma m'chipinda chimodzicho munthu amaona pamene ojambula a ku Ulaya anayambira kuyang'anitsitsa thupi la munthu. Zipinda zotsatira ndinazimvetsa chifukwa cha chimenechi. Cha kumapeto maso anali atatopa, ndipo ndinadutsa zithunzi za anthu otchuka osaima n'komwe; nyumba imeneyi si yoti munthu n'kuimaliza tsiku limodzi.

Madzulo tinawoloka mtsinje wa Arno pa mlatho wa Ponte Vecchio, womangidwa mu 1345, umene uli ndi timasitolo mbali zonse ziwiri. Kale munali ogulitsa nyama, koma mu 1593 anawachotsa chifukwa cha fungo n'kuikamo osula golide, amene alipo mpaka lero ndi mitengo yosayenera munthu wa alawansi ya maphunziro. Ife tinadya lampredotto, chifu cha ng'ombe chowiritsa chimene amachiika m'kabanzi n'kuthira tsabola, ndipo anthu amadya ataimirira m'mbali mwa msewu monga timachitira pa chiwaya ku Nsungwi.

Lamlungu, titatuluka ku Misa, tinapita ku Accademia, nyumba ina yosungiramo zosema ndi zojambula, kukaona chiboliboli cha Davide. Michelangelo anayamba kuchisema mu 1501 ali ndi zaka 26, kuchokera ku chimwala cha nsangalabwi cha ku Carrara chimene amisiri ena anali atachiyamba n'kuchisiya kwa zaka zambiri, ndipo anamaliza mu 1504. N'chachitali mamita asanu ndi pang'ono. Chinakhala panja, kutsogolo kwa nyumba ya boma ya Palazzo Vecchio, mpaka mu 1873 pamene anachilowetsa m'nyumba kuopa mvula ndi dzuwa, ndipo chimene chili pabwalopo tsopano n'chongotengera. Ojambula ambiri asanabwere iye ankaonetsa Davide atapambana kale, mutu wa Goliati uli pa mapazi ake, koma uyu sanaponye mwala. Gulaye ali pa phewa lamanzere, nkhope yachita makwinya pakati pa maso, ndipo pa dzanja lamanja, limene ndi lalikulu kuposa muyeso wa thupi, mitsempha yatupa moti munthu amaiwala kuti akuyang'ana mwala. Mayi anga nditawaonetsa chithunzi chake anangofunsa kuti, "Nanga mwana wa Jese anapita ku nkhondo osavala?" ndipo anandibwezera foni, koma zimenezo n'zapadera.

Komabe mwa onse amene ndinamva maina awo, amene ndinamulemekeza kwambiri sanaseme kapena kujambula kanthu. Anna Maria Luisa anali womaliza wa banja la Medici, ndipo mu 1737, ulamuliro ukupita m'manja mwa banja lina la Lorraine, anasaina pangano lakuti zojambula, zosema, mabuku ndi chuma china cha makolo ake zisadzatulutsidwe mu Florence ndi dera lake la Tuscany, koma zikhale zokometsera dziko, zothandiza anthu ake, ndi zokopa alendo. Mizinda ina ya ku Italy inataya zosonkhanitsa za mafumu ake pamene olowa m'malo anazigulitsa kapena kusamuka nazo. Florence inasunga zake, ndipo mizere ya alendo imene imadyetsa mahotela, ophika ndi operekeza alendo lero inachokera pa pepala limenelo. Mtima womwewo unaonekanso pa 4 Novembala 1966, pamene Arno anasefukira n'kudzaza matchalitchi ndi nyumba za mabuku ndi matope: achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana anabwera kudzafukula mabuku ndi zithunzi, ndipo mtanda wa Cimabue wa mu tchalitchi cha Santa Croce, umene unawonongeka kwambiri, anaukonza kwa zaka zambiri osautaya. Pa makoma ena pali timiyala tosonyeza pamene madziwo analekeza, pamwamba kwambiri kuposa mutu wa munthu.

Maganizo anga ndi akuti manja aluso sitinawasowe kuno kwathu. Amene anafikako ku Mua, ku mishoni imene inayamba mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, akudziwa zimene osema a ku Dedza amachita ndi mtengo, ndipo nyumba ya Chamare yasunga zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi tanthauzo la chilichonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti zosema zabwino zimene zimayalidwa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town zimagulidwa ndi alendo, zimakwera ndege, ndipo kumene zikupitako zimangotchedwa za ku Africa, popanda dzina la munthu amene anatha masabata akuzipala. Ife eni mzinda timadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, koma m'nyumba zathu timapachika makalendala ndi maluwa apulasitiki.

Nditabwerako ndinapita pamalopo kukaonetsa zithunzi bambo wina wachikulire amene ndimagulako mphatso za alendo a kuntchito. Davide anangomuyang'ana pang'ono. Chimene anakulitsa ndi zala pa foni chinali chimodzi mwa ziboliboli zosamalizidwa za Michelangelo zimene zili m'njira yopita kwa Davide, mmene munthu akuoneka theka, theka linalo likadali mwala. Anatsata mizere ya tchizulo ndi chikhadabo, n'kunena kuti, "Bwana, mnzathuyu ankayambira kutsogolo n'kumalowa mkati, sankazungulira ayi, ndipo apa anasintha chitsulo." Ndinagula chosema cha mayi wosinja, cha mtengo wa mlombwa, ndipo ndinawapempha kuti alembe dzina lawo ndi chaka pansi pake. Anatulutsa kampeni m'thumba, anakhala pa chigubu n'kulemba mosafulumira, kenako anandiuza kuti mtengo umene tinagwirizana uja wakwera pang'ono, chifukwa kulemba dzina ndi ntchito inanso.