Malisiti a nyumba ya ku Chilomoni ndi msonkho wa kuno ku UK

Loweruka lapitali ndinakhutula kachitini kanga ka mabisiketi patebulo, mmene ndimasunga malisiti onse a nyumba yomwe ndimachititsa lendi kuno ku Leicester, ndipo mtima unandiwawa ndithu. Lisiti la amene anadzakonza boiler mu Disembala lafufutika moti sungawerengenso mtengo, langotsala kapepala koyera. Ena ndinawapeza mchikwama cha kuntchito atanyowa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita chonchi, kudikira Januwale kenako usiku umodzi kuwonkhetsa zonse nkutumiza fomu ya msonkho ya pachaka yomwe amati Self Assessment lisanadutse tsiku la 31, koma njira imeneyi ikutha abale.

A HMRC, amene amatolera misonkho kuno, abweretsa zomwe akuti Making Tax Digital for Income Tax. Malandilodi ndi anthu odzilemba okha ntchito akuyenera kusunga mawerengero awo mu pulogalamu ya pakompyuta kapena pafoni yomwe imalumikizana ndi HMRC, nkumatumiza miyezi itatu iliyonse zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Masiku ake ndi 7 Ogasiti, 7 Novembala, 7 Febuluwale ndi 7 Meyi, kenako fomu yomaliza ya chaka pofika 31 Januwale ngati kale. Tsiku lolipira msonkho silinasinthe, kutumiza kanayi kuja ndi mawerengero chabe. Oyamba ndi amene amapeza zoposa £50,000 pachaka, kuyambira pa 6 Epulo 2026, kenako oposa £30,000 mu Epulo 2027, ndipo oposa £20,000 mu Epulo 2028.

Ine nditamva £50,000 ndinangoti izi nza anthu a nyumba zambirimbiri, ine ndi kanyumba kamodzi zindikhudza bwanji. Mnzanga wina wa kutchalitchi amene amagwira za maakaunti ndi amene anandikhazika pansi, akuti asisi, sawerenga phindu ayi, amawerenga ndalama zonse zolowa musanachotse mortgage, inshuwalansi kaya zokonzetsa. Malipiro a kuntchito omwe amadulidwa kale msonkho salowamo, koma lendi ndi bizinesi yako amaziphatikiza pamodzi. Ndiye tinatenga cholembera. Lendi ya kuno £1,300 pamwezi, pachaka £15,600. Zophika pa maukwati ndi ma bridal shower, mandasi, zitumbuwa, nsima ndi chambo zija, pafupifupi £3,500. Kenako anandifunsa, nanga kumudzi mulibe nyumba?

Apa ndi pomwe ndikufuna tonse timvetsetsane chifukwa ambiri a ife tinamanga kwathu, wina ku Area 25, wina ku Chibavi, ine ku Chilomoni, ndipo mumakhala matenanti. Ngati wakhazikika kuno ndipo ndiwe wokhoma msonkho ku UK, lendi ya nyumba ya kunja imawerengedwanso. Yanga ndikaisintha kukhala mapaundi imafika cha mma £1,800 pachaka, ndiye zonse pamodzi zadutsa £20,000 kale. Ndipo poti amayang'ana chaka cha mmbuyo, ndalama za chaka cha msonkho cha 2026 mpaka 2027 ndi zomwe zidzanene ngati ndikulowa mu 2028.

Vuto langa lenileni lili ku Chilomoni komweko. Lendi amatolera achimwene anga, mwezi wina imabwera pa Airtel Money, mwezi wina tenanti amangowapatsa pamanja, ina imathera pompo kugula matumba a simenti awiri kapena kulipira pulambala amene alibe ngakhale buku la malisiti, ndiye ine ndimangomva pa voice note kuti mpope unaphulika takonza. Achimwene ndi munthu wokhulupirika kwambiri, sanandidyerepo tambala, nchifukwa chake kuwapempha malisiti kunandivuta, ndinkaopa aziona ngati ndayamba kuwakayikira. Ndinawaimbira nkuwalongosolera bwinobwino kuti achimwene, si ine ndikufuna, ndi boma la kuno, ndipo ukachedwa kutumiza amakupatsa point, zikakwana zinayi ndi chindapusa cha £200. Anandimvetsa, anangoti chemwali bwanji simunanene kale.

Pano tagwirizana kuti chilichonse chogulidwa azijambula lisiti tsiku lomwelo nkuponya pa WhatsApp, ngati mmisiri alibe lisiti azilemba pa pepala tsiku, ntchito yomwe wagwira ndi mtengo, asaine. Lendi yonse izidutsa ku akaunti imodzi ya kubanki kuti tsiku lizioneka, poti posintha makwacha kukhala mapaundi ndimafuna kudziwa kuti inalowa liti. Ine mbali yanga ndatsegula akaunti yapadera ya nyumba ya Leicester, ndipo nyumba ya kumudzi ndikuilemba payokha chifukwa ya kunja ndi ya kuno sazisakaniza. Amene mumakonda Excel musadandaule, imaloledwa bola mukhale ndi kapulogalamu kolumikiza kotumizira ku HMRC.

Dzulo usiku chithunzi choyamba chafika, lisiti la loko wa chitseko cha kukhitchini, achimwene atalitsamiritsa pa bondo kuti lioneke bwino, ndipo ndalilowetsa ndisanagone.