Pikiapu yangoleka kukoka pa Great East Road, injini ili bwinobwino

Lachitatu usiku. Lero ndiye ndaona zakuda anthu inu. Tinanyamuka m'mawa ndi alamu anga kukatenga matumba a chakudya cha nkhuku mtauni kuti tikasiye ku Chongwe, pikiapu yodzadza mpaka kumbuyo kwakhala pansi, dzuwa la Okutobala lija loti ngakhale phula limanunkha. Tadutsa Manda Hill, Arcades, UNZA zonse bhobho, titangopitirira pa Munali kulowera ku Chelstone ndangomva injini yakweza mawu yokha koma galimoto ikuchepa liwiro. Singano ya marevu ikuthamangira ku 3,000, matayala osamva kanthu. Ndinangoigwetsera pambali ndi kaliwiro kotsalako, kuyatsa mahazadi, kuzimitsa injini.

Mu Lusaka muno galimoto ikangoima madokotala amabwera okha osaitanidwa. Anyamata a pa siteji ya mabasi anatizungulira, wina asanatsegule ndi boneti yomwe akuti "bosi, giyabokosi yafa iyi, manje mufunika ya sekeni handi, nili na munthu ku Panganani." Alamu nawo mtima unali kale m'mwamba, akuti tiitane mnzawo wa Canter atikoke ndi chingwe. Ine ndinaimbira amdala athu a ku Katete amene ali ndi kagalaji ku Kalingalinga, ndiwo amaigwira galimotoyi nthawi zonse.

Mawu awo oyamba anali oti musaikoke. Akuti otomatiki pampu yake ya oyilo imazunguzidwa ndi injini, ndiye ukaikoka injini ili chete matayala akumbuyo ali pansi, zam'kati zimazungulira zouma, ukafika ku galaji wapha ndi zomwe zinali zamoyo. Kaya bulekidauni yonyamula yonse pamsana, kaya kumasula kaye propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo. Kenako mafunso pafoni pomwepo. "Mphwanga, R ikugwira?" Ndaliza, ndayesa, ayi. "Nanga 2 ndi L?" Ayinso. "Kandodo ka 4x4 kaja sikanagwere pa N? Ukaika pa P n'kumasula handibuleki ikugubuduka?" Sinagubuduke. Funso limeneli ndinalikonda chifukwa transfer case, kabokosi kogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ikakhala pa N galimoto imachita chimodzimodzi, injini kulira osayenda, ndipo munthu atha kugula giyabokosi chifukwa cha bondo la pasinjala lomwe linagunda kandodo.

Anafika pa minibasi ndi kamnyamata kawo konyamula sikana, kachipangizo kowerenga zomwe kompyuta ya galimoto yaona, ndi sanza yoyera. Sikanayo sanayambe nayo. Anagona pansi pa katoni n'kuuza kamnyamata kasunthe giya kuti aone ngati kebulo ikukankha kamkono ka pambali pa bokosi, chifukwa kabushu ka pulasitiki kakatha giya imayenda m'manja mokha pansi palibe chikuchitika. Kebulo inali bwino. Koma anatuluka mkono wonse uli wofiira mpaka m'chigongono. Anasolola dipisitiki ya bokosi, kupukuta, kubweza, kusololanso, youma gwa. Ndiye anandigwira paphewa n'kundilozera kumbuyo komwe tinachokera, mzere wonyowa pa phula ukupita mpaka kutali uko, ife tonse ndi madokotala athu aja palibe anauona.

Kapaipi ka labala kochokera ku bokosi kupita ku kula, koziziritsira oyilo pa rediyeta, kanakhala kakukhuzana ndi kachitsulo mpaka kung'ambika. Bowo lake laling'ono, chala chakankombaphala sichingalowe, koma pamenepo oyilo amadutsa ndi mphamvu ya pampu ndiye sizitenga nthawi kuti apite yense wa mu sampu, kabeseni ka oyilo ka pansi pa bokosi. Amdala anafotokozera alamu kuti mu otomatiki oyilo sikuti amangofewetsa zitsulo, ndi amene amanyamula mphamvu ya injini mu torque converter, chimene chimalumikiza injini ndi bokosi, komanso ndi amene amakanikiza makilachi kuti giya igwire. Pampu ikayamba kumeza mpweya pulesha yapita, D kulibe, R kulibe, zonse nthawi imodzi.

Oyilo wotsala pa sanza uja amdala anamununkhiza nthawi yaitali ndithu. Akuti wofiira woyera ndi wabwino, wakuda wonunkha chopserera ndiye kuti makilachi apsa, koma woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka wofiirira, ameneyo ndiye kuti kula yaboola mkati mwa rediyeta madzi asakanikirana ndi oyilo, ndipo madzi amamatula zomatira za makilachi. Wathu anali wofiira wodera pang'ono, kafungo kakumveka patali.

Ndi pamene analumikiza sikana pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero. Inatulutsa P0700 ndi P0730. Mnyamata wa ku Panganani uja anali akadalipo, akuti mwaona, kompyuta yanena. Amdala anangoseka. P0700 imangotanthauza kuti kompyuta ya bokosi ili ndi dandaulo, P0730 ikuti liwiro lolowa ndi lotuluka sizikugwirizana ndi giya yomwe yasankhidwa, kutanthauza kuti china chake chikuterereka. Siinena kuti chaterereka chifukwa chiyani. Akuti ikanakhala sensa ya liwiro, zija za P0715 kapena P0720, kapena solenoidi, kavavu ka magetsi kotsegulira oyilo, nthawi zambiri galimoto imayendabe koma yokakamira pa giya imodzi monga 3, yolemera ponyamuka, chifukwa kompyuta ikuteteza bokosi. Kukana kutsogolo ndi kumbuyo komwe ndiye umayamba kuganiza za oyilo, pampu, kapena chitsulo chothyoka. Ine apa ndimaona kuti sikana yafika m'manja mwa anthu ambiri mtauni muno koma odziwa kuiwerenga ndi ochepa, ambiri amangoionetsa kwa mwini galimoto kuti achite mantha.

Kamnyamata kanatumidwa kukagula paipi yopirira oyilo wotentha, makilampu atsopano ndi ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki. Apa panali kankangano pang'ono, alamu akuti oyilo wofiira ndi wofiira basi titenge wotchipa, amdala akuti ayi alamu, Dexron III, Toyota WS, Mercon LV si chinthu chimodzi, timathira amene walembedwa pa dipisitiki kapena m'buku la galimoto. Tinadikira pansi pa kamthunzi tikudya chinangwa chootcha ndi mtedza, ine foni ikungolira, amayi akunyumba akufunsa za nkhuku zawo.

Kuthira kwake nakonso si kwa phuma. Pang'onopang'ono kudzera pa paipi ya dipisitiki, kuliza injini, phazi pa buleki, kudutsitsa giya P, R, N, D, 2, L n'kubwerera, kuyeza injini ikulira galimoto ili pamalo osapendekeka, kuwonjezera. Bokosi lonse pamodzi ndi converter limatenga malita ngati 10 koma sungangokhuthulira onsewo, wina amakhala anatsalira mkati, ndipo ukapyoza muyezo amachita thovu n'kuyambanso kuterereka. Nditaika pa D ndinamva kaja kakugwedeza ka galimoto ikagwira giya, alamu mpaka anaomba m'manja pamsewu.

Matumba tinasamutsira mu Canter ya mnzawo uja, inagwira ntchito yake pomaliza. Ife ulendo wa ku Kalingalinga mwapang'onopang'ono wopanda katundu. Kugalaji anatsitsa sampu. Pa maginito panali kaphala kotuwa kosalala, akuti kameneko n'kachibadwa, zidutswa za chitsulo panalibe. Koma pansi pa sampu panali tinyenyeswa takuda, anatipekesa pakati pa zala n'kundionetsa pa kuwala kwa foni, akuti awa ndi makilachi, anapsako pang'ono nthawi ija inkaterereka ndi katundu. Asintha fyuluta ndi gasiketi, paipi aimangirira kutali ndi kachitsulo kaja.

Galimoto yagona konko. Mawa m'mawa akufuna aiyese ili yozizira kenako itatentha, tiikemo matumba a mchenga tikwere nayo kachitunda, amve ngati marevu akudumpha posintha kuchoka pa 2 kupita pa 3. Ikadumpha ndiye bokosi litsika, ndipo andiuza kale kuti ndisalonjeze munthu ulendo wa ku Chipata sabata ino.