Ulendo wa ku Eswatini: mmene tinagonera m'matenti ndi ana ku Mlilwane

Amene munatsala ku Joni pa Pasaka mwakhala mukufunsa za ulendo uja, ndipo poti aliyense akuusimba mwa njira yake, nali lipoti kuti nkhani ikhale imodzi. Tinapita mabanja anayi, akuluakulu 7 ndi ana 6, wamng'ono wa chaka chimodzi ndi theka, pa magalimoto atatu. Ndalama za mafuta, za pa toll gate ndi za malo ogona zinachokera m'thumba la chipereganyu monga tinagwirizanira, ndipo malisiti onse ali kwa amayi asungichuma.

Tinanyamuka ku Rosettenville Lachisanu 4 koloko m'mawa, ana akadali mtulo, n'kulowa mu msewu wa N17 kudzera ku Springs, Bethal, Ermelo ndi Chrissiesmeer mpaka boda ya Oshoek, mtunda wopitirira makilomita 300. Kulawira chonchi n'kumene kunatipulumutsa, chifukwa ana anadzuka tayenda kale theka la njira. Tinaima ku Ermelo kuwapatsa phala la m'fulasiki ndi kuwalola athamange mphindi 20. Mwana wosakwana zaka zitatu amayenera kukhala pa mpando wake womangidwa, ndilo lamulo la kuno kuyambira 2015, choncho tinabwereka mipando iwiri osati kuwafungata pamiyendo.

Za mapepala tisachite nazo chibwana. Aliyense, ngakhale khanda, akhale ndi pasipoti yakeyake. Ife tinatenganso satifiketi yobadwira ya mwana aliyense, ndipo mlamu amene anapita okha ndi ana awiri ananyamula kalata ya chilolezo ya bambo awo, yodindidwa kupolisi. Galimoto ikhale ndi kope lodindidwa la mapepala ake ndi sitika ya ZA kumbuyo, ndipo ngati ikadali pa ngongole, kalata ya kubanki yoiloleza kutuluka. Amalawi sitifunika viza polowa ku Eswatini, koma vuto limakhala potuluka muno mu South Africa: pemiti ikakhala kuti inatha, amakuletsa kulowanso chaka chathunthu ngati wapitiriza masiku osaposa 30, ndipo zaka zisanu ngati aposa pamenepo. N'chifukwa chake a wapampando anaona pasipoti ya aliyense milungu iwiri tisananyamuke. Pa boda tinaima pamzere maola awiri, ndipo poto wa ana wodzithandiziramo amene ena ankamuseka popakira ndiye anagwira ntchito kuposa katundu yense. Tsidya linalo pali msonkho wa msewu wa galimoto iliyonse yakunja. Randi imagwira ntchito konsekonse chifukwa ndi yofanana mphamvu ndi lilangeni, ndalama ya ku Eswatini, koma chenji ya emalangeni muimalize musanabwerere, kuno sailandira.

Mukadutsa Mbabane pali chitsikiro cha Malagwane cholowera ku Ezulwini. Galimoto yodzaza itsike pa giya yaing'ono, osadalira mabuleki okha, amatentha. Nyama ndi ayisi tinagula ku mashopu a The Gables, n'kulowa ku Mlilwane cha m'ma 3 koloko masana.

Malowa anali famu ya banja la a Ted Reilly, amene anaisandutsa malo otetezera nyama m'zaka za m'ma 1960. Mulibe mikango, ndiye munthu amaloledwa kuyenda pansi kapena panjinga pakati pa mbidzi ndi nswala. M'damu muli mvuu ndi ng'ona, kotero mwana asayandikire madzi ali yekha. Mukachoka m'udzu muwavule ana n'kuwayang'ana nkhupakupa kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'chiuno.

Tsopano za usiku woyamba. Matenti anayi tinawakhoma kukuwala, koma ya bambo a mapasa inakhala pamalo ooneka osalala bwino, pamene panali pokumbika pang'ono pakati. Kuwonjezera apo, pepala loyala pansi linali lalikulu kuposa tentiyo, linatulukira kunja mbali zonse. Cha m'ma 1 koloko usiku mvula itayamba, madzi otsika padenga ankagwera papepalapo n'kuyenderera kunsi kwa tenti ngati mu ngalande. Zingwe za chivindikiro cha tenti sizinakungidwe, ndiye nsalu yakunja inakhudzana ndi yam'kati ndipo madzi anayamba kudontha pamene pali mitu ya ana. Mapasa tinawanyamula m'mabulangete kupita nawo m'galimoto ya a malume, mmodzi osadzuka n'komwe, winayo akufunsa ngati tafika ku Malawi. M'mawa tinasamutsira tentiyo pokwera, n'kupindira pepala lija m'kati kuti lisaonekere kunja, zikhomo kuzikhoma mopendekera kutali ndi tenti, zingwe kuzikunga zonse. Usiku wachiwiri inagwanso, osalowa ngakhale dontho. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, ndipo matiresi opopa amazizira kuposa mphasa. Yalani bulangete kunsi kwa mwana, osati pamwamba pokha, ndipo zovala zake zogonera zikhale m'jumbo yomanga.

Nkhani ya mthiko nayo ithere pano. Pa ndandanda wa katundu mthiko unalembedwa pa banja la a mlembi. Iwo akuti anaupereka kwa achemwali opakira ziwiya, achemwali akuti anangolandira chipande. Madzi anali atawira kale, ufa wa makilogalamu 10 uli apo, mkangano uli m'kati. Mtengo wa m'malo otetezedwa sudulidwa, choncho a malume, amene mpaka lero amati Swaziland ngakhale dzina linasintha mu 2018, anathamanga kumsika wa zosemasema ku Ezulwini n'kubwera ndi chisupuni chamtengo chokhala ndi mutu wa mvuu kuchigwiriro. Chinavundula nsima ya anthu 13, m'mapoto awiri chifukwa mbaula ya gasi ya makilogalamu atatu singathe poto mmodzi wamkulu, ndipo tinachita kugoneka tebulo cham'mbali kuti litchinge mphepo. Tikudya ndi usipa wa agogo wochokera ku Mangochi, njiri ziwiri zinabwera n'kugwada pafupi ndi moto, ana kuiwala mbale zawo. Buledi wa m'mawa anatengedwa ndi pusi chifukwa bokosi linatsala lotsegula. Mthiko uja unapezeka Lolemba titabwerera, uli pamwamba pa furiji kwa a mlembi.

Zikomo a wapampando poumirira za mapepala, amayi asungichuma powerengera bwino mpaka ndalama kutsalako, a malume poyendetsa kutsogolo osathamanga, ndi achemwali a ku Turffontein amene anatibwereka matenti awiri iwo osapita. Matentiwo tawayanika ndipo abwezedwa Loweruka. Chisupuni cha mvuu chasungidwa m'bokosi la ziwiya za gulu.