Ulendo wa ku Smoky Mountains ndi nkhani ya propshafti

Abale amene munatsala, nayi nkhani yonse, kuti musamangomva zidutswa pa WhatsApp.

Monga tinagwirizana, chikondwerero cha 6 July chaka chino tinakachitira ku paki ya mapiri ya Great Smoky Mountains, ku Tennessee kuno ku America. A tcheya anapereka motorhome yawo, galimoto yaikulu yokhala ngati nyumba, ndipo mayi msungichuma ndi bambo akunyumba kwawo anapereka Ford Ranger yawo yakale ija kuti tizikayendera kumapiriko, chifukwa chinyumba choyendacho si chokhotera nacho m'timisewu topapatiza. Ena anatsatira pa magalimoto awo. Dolly, kangolo ka matayala awiri kokokera galimoto, tinabwereka kwa mnzathu wa kutchalitchi.

Mkangano unabuka madzulo tisananyamuke, pabwalo pa a tcheya ku South Bend, ku Indiana. Iwo anati, "Kwezani matayala akutsogolo pa dolly, giya muike pa N, panyutirolo, tikagone." Achimwene athu amakaniko anapukusa mutu. "Ayi bambo, tikatero giya bokosi ipsa tisanaone Kentucky." Anafotokoza kuti Ranger imeneyi imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, omwe ndi amene atsale pansi. Matayalawo akamazungulira amazungulitsa difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo), difu nkuzungulitsa propshafti (chitsulo chachitali cholumikiza difu ndi giya bokosi), propshafti nkuzungulitsa zam'kati mwa giya bokosi. Tsono pa galimoto ya otomatiki pampu ya oyilo imayendetsedwa ndi injini. Injini ikakhala yozima, zitsulo zimakhulana zouma ngakhale giya ili pa N.

Ankolo a kwaya anati ndiye tiikweze chammbuyo. Apanso amakaniko anakana: loko ya chiwongolero sinapangidwire kugwira matayala ulendo wonse, ndipo kulemera kwa injini kukakhala kumapeto kwenikweni galimoto imayamba kudzandira pamsewu. Mawu anakwera ndithu. A tcheya anali kudandaula za nthawi, ndipo ndikuwamvetsa, koma ine ndinali mbali ya amakaniko, ndipo mpaka pano ndikuti ndi amene anatipulumutsira galimoto ya anthu. Anathetsa nkhani ndi mayi msungichuma: "Ikapsa, mugula ndani? M'thumba la gulu mulibe ya giya bokosi."

Amakaniko anayamba atsekera matayala ndi matabwa, chifukwa propshafti ikamasulidwa giya ya P, yoimikira galimoto, sigwiranso kanthu. Analowa pansi, nalemba chizindikiro ndi penti kuti idzabwerere momwe inalili, namasula mabawuti 4 a ku difu. Mbali ya ku giya bokosi anaisiya momwemo kuti oyilo asatayike. Asanakulunge tepi pa joini ya kumapeto kwa propshafti, kachivundikiro kamodzi kanagwa, ndipo tisingano tachitsulo ta m'katimo tinamwazika pa simenti. Munali mdima. Amayi onse anagwada ndi matochi a mafoni, ana nawonso, kufunafuna kamodzikamodzi. Komaliza anakapeza agogo athu, omwe aja amati maso awo anatha. Kuyambira pamenepo akungotchedwa "wamkulu wa singano". Amakaniko anabwezera tisinganoto ndi girisi, namangirira propshafti ku tchesisi ndi lamba.

Tinanyamuka mbandakucha, kutsika US-31 mpaka Indianapolis, I-65 kuwoloka mtsinje wa Ohio ku Louisville, I-64 kufika Lexington, kenaka I-75. Tisanapite patali tinaima kukungitsa malamba a matayala, ndipo analidi atakhwefuka pang'ono.

Chachiwiri chinatichitikira kufupi ndi tauni ya Corbin, ku Kentucky. Tinalowa pamalo omwetsera mafuta, kutsogolo nkupeza thiraki yatseka njira, woyendetsa wake kulibe. Dolly siibwerera mmbuyo, imapindika. Tinatsitsa Ranger, ndipo popeza propshafti inali yomasula, abambo anaikankha ndi manja padzuwa la July, ankolo a kwaya akutsogolera nyimbo ngati tili kudambwe. Tinatembenuza dolly, kukwezanso, kumanganso. Ola lathunthu linathera pamenepo. Chitunda cha Jellico, polowa Tennessee, a tcheya anachikwera ndi kuchitsika modekha pa giya yotsika, ndipo pamenepa ayenera kuyamikiridwa.

Tinagona ku Townsend. M'mawa amakaniko anabwezera propshafti pa chizindikiro chake, nayendetsa pang'ono kumvetsera ngati ikunjenjemera. Inali zii.

Ku Cades Cove, chigwa cha m'pakimo, tinazungulira msewu wa mamailosi 11 wopita mbali imodzi. Tinaphunzira kuti pakiyi inakhazikitsidwa mu 1934, kuti dera limeneli linali la anthu a mtundu wa Cherokee, komanso kuti chakudya sichisiyidwa panja chifukwa cha zimbalangondo zakuda. Kulowa ndi kwaulere, koma kuimika galimoto timalipira madola 5 pa tsiku. Chimene chinakhudza ambiri ndi chigayo chakale choyendera madzi. Agogo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mwala wake, nkuyamba kutiuza za kusinja kwawo ku Dedza.

Za chakudya cha pa 6 ndingalembe tsamba lonse. Ufa woyera umene alamu athu anabwera nawo kuchokera kumudzi anaubisa miyezi iwiri kudikira tsikuli. Panali usipa wothira tomato, nkhwani wotendera, nyemba, ndi nkhuku yootcha ya anyamata. Mthiko waukulu unaiwalika ku South Bend, choncho nsima anaiphika miphika itatu motsatizana pa kachitofu ka mu motorhome. Oyandikana nafe anabwera atamva fungo, ndipo mwana wawo anadya ndi manja mpaka kupempha ina. Titaimba nyimbo ya fuko, ena misozi inalengeza.

Zikomo a tcheya chifukwa cha motorhome, komanso chifukwa pobwerera munagwirira amakaniko tochi nokha. Zikomo banja la msungichuma, amayi akukhitchini, anyamata okankha, ndi wamkulu wa singano. Achimwene amakaniko, gulu lagwirizana kukugulirani ovolosi yatsopano m'malo mwa ija inang'ambika ku Corbin. Amene simunamalize ya mafuta, onanani ndi mayi msungichuma tisanafike msonkhano wa mwezi wamawa. Mthiko uja udakali pakhonde pa a tcheya, mwini wake akautenge.