Ndabwerako ku Lusaka ndekha, zikomo nonse amene munandikankha

Dzulo cha m'ma 4 koloko madzulo ndinaimika lole pa yadi kuno ku Chipata, n'kuzimitsa injini, n'kukhala kaye phee pampando ndisanatsike. Kanali koyamba kupita ku Lusaka ndi kubwerako ndili ndekha pa chiwongolero, popanda munthu pambali wondiuza kuti tsitsa giya. Popita ndinasenza matumba 600 a soya, matani 30, pobwera feteleza. Palibe thumba linang'ambika, palibe tayala linaphulika. Abwana anaizungulira lole kawiri, kenako anati makiyi ndisabweze. Ndiye ndati ndilembe pano, chifukwa oyenera kuwathokoza ndi ambiri, sindingawafike onse ndi miyendo.

Ambiri a inu mumandidziwira pa njinga. Zaka 5 ndinali kupalasa anthu ndi katundu wawo pakati pa Kapata, Mchini ndi Nabvutika, dzuwa likhale mvula ikhale. Ndalama ya sukulu yoyendetsa galimoto sinachokere kwa ine ndekha. Amayi anga ali m'chilimba ndi anzawo ogulitsa pa msika wa Kapata, ndipo itafika nthawi yawo yolandira sanagule malata amene anakhala akuwalota, anandipatsa ine yonse itamangidwa pa kansalu. Anzawo awiri anavomera kusinthana nawo mwezi kuti ilandiridwe msanga. Amayi inu, nyumba ija ikudonthabe chifukwa cha ine, ndikudziwa. Malata akubwera mvula isanagwe.

Apongozi anga ku Katete anagulitsa mbuzi ziwiri pamene ndinkakwera kuchoka pa laisensi ya C kupita pa CE, ya lole yokoka thirela. Mayeso a ku RTSA, bungwe lopereka malaisensi, ndinalakwa koyamba, ndipo cholakwa chinali changa: pobwerera m'mbuyo thirela inapinda ngati mpeni wa m'thumba, ine thukuta kamukamu. Apongozi atamva anangoti, "Bwererani, mbuzi zimaswa."

Ine ndinkaganiza kuti CE ikalowa m'thumba ntchito ibwera yokha kudzagogoda. Ayi ndithu. Chaka chathunthu ndi miyezi iwiri ndinayenda ndi envulopu ya mapepala mpaka inada m'mphepete. Tauni yathu dzina ndi Chipata, koma kwa ine zipata zonse zinali zotseka. Paliponse funso linali limodzi: wayendetsapo kuti, zaka zingati? Ena amafuna zaka 2, ena kuposa apo. Sindikuwaimba mlandu eni malole, chifukwa lole ndi katundu wake ndi chuma choti munthu sungachipereke kwa mlendo chifukwa cha kakhadi kokha. Koma zakazo munthu akazitenge kuti ngati aliyense akumubwezera pa geti? Pakati pa kusowa kumeneko munthu wina anandilonjeza malo pa kampani ina, anadya ndalama yanga, foni n'kuzima mpaka lero. Ndinatsala pang'ono kulowa kaloba. Amake ana ndi amene anandigwira dzanja usiku umenewo, nati njinga ilipo, mawa upalase, tidya zomwezo.

Tsono ndifike pa munthu amene ndalembera kwenikweni mawu awa. Dzina sinditchula chifukwa andikalipira, koma a ku tchalitchi kwathu mukuwadziwa achikulire aja oimba besi, amene amasowa Lamulungu lililonse lachiwiri. Ayendetsa malole kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero anandifunsa ngati ndingalole kuyenda nawo ngati wothandizira pa lole. Malipiro ake ochepa kuposa a pa njinga. Ndinavomera, koma mumtima ndinali ndi kamatama, poti ine CE ndinali nayo.

Mwezi woyamba chiwongolero sindinachikhudze n'komwe. Ntchito yanga inali kukoka tenti, kumanga malamba, kuphika nsima pa mbaula m'mbali mwa thirela, ndi kugogoda matayala onse 22 ndi chitsulo paliponse taima. Ndinadandaula tili pa Nyimba. Iwo anangondipatsa chitsulo chija, nati, "Gogoda ili. Gogodanso ilo. Wamva chiyani?" Limodzi linkalira mouma, lina mofooka. Linali la m'kati, loti ndi maso sungalione kuti laphwa. Akanalisiya likanatentha n'kusenda pa msewu. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Anandiphunzitsa kutulutsa madzi m'mathanki a mpweya m'mawa uliwonse, kudikira mpweya udzaze ndisanasunthe, kukoka pang'ono hosi (mutu wa lole) thirela ili pa buleki kuti ndione ngati yalumikizikadi, ndi kuima pamene akukweza katundu m'malo mokagona pa mthunzi. Matani akhoza kukwana bwinobwino, koma matumba akaunjikana mbali imodzi sikelo ya pa msewu ikugwira, chifukwa imayesa kulemera pa ekiselo iliyonse. Izi ku sukulu anangozitchula modutsa.

Za ku Manenekela sindidzaiwala. Amene mumayenda Great East Road mukudziwa mapiri aja pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, pamene msewu umakhota ukutsika, mbali ina phiri mbali ina chigwa. Ulendo umenewo anali atandipatsa mpando titasenza feteleza. Ndinalowa m'chitsikirocho ndi giya yapamwamba, ndikudalira phazi. Kuponda, kusiya, kuponda. Posakhalitsa fungo la chinthu chopserera linalowa m'kebini. Achikulire sanakuwe. Anangoloza ndi chala pamalo potakasuka, nati, "Ima apo, pang'onopang'ono." Titatsika utsi unali tolotolo kumatayala a thirela. Ine ndinathamangira chigubu cha madzi, iwo n'kundilanda, nati chitsulo chotentha ukachithira madzi chimang'aluka. Tinakhala pa mwala pafupifupi ola lathunthu, iwo akukuta chimanga chootcha, ine miyendo ili njenjenje. Mawu amene ananena ndi awa okha: "Giya imene ungakwerere phiri ndi imene utsikire. Injini igwire lole, buleki usunge ya tsiku la tsoka." Ndinkayembekeza kuti andichotsa pampando. Anandiponyera makiyi, nati tiyeni.

Kwinanso ndinaswa nyali ya kumbuyo pa chipilala cha shedi ina pobwerera. Analipira ndi ndalama yawo ya chakudya, ndipo ulendo wonsewo tinadya nsima ndi kapenta wouma wopanda tomato. Miyezi 7 itatha, lole ina itasowa dalaiva, iwo ndi amene analowa mu ofesi. Ndinali panja koma ndinamva: "Mwanayu akaigwetsa, mudzadule kwa ine." Atate anga pa msewu, ndilibe choti ndingabweze chofanana ndi mawu amenewo. Munaika dzina lanu la zaka zonsezi pa munthu wa njinga.

Zikomo kwa amakanika a pa yadi amene amandilola kugona nawo pansi pa lole n'kumafunsa mafunso opusa. Zikomo kwa dalaiva wa ku Malawi amene tinakumana pa Mwami ulendo wanga woyamba wodutsa malire, amene anandiyendetsa zenera ndi zenera ndi mapepala a katundu osandipempha kanthu. Kuyambira 2022 pamenepo zinaphweka, umaima kamodzi m'malo moima mbali zonse ziwiri, komabe kwa wosazolowera mutu umazungulira. Zikomo kwa amayi ogulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa amene anandipatsa pa ngongole tsiku limene ndinalibe ngakhale ngwee. Ngongoleyo ndalipira popita ulendo uno, ndipo anaseka poona kuti mpando wa kumanzere uli wopanda munthu.

Makilomita pafupifupi 570 amatalika ukakhala wekha. Nditadutsa Petauke pobwera tulo tinayamba kundinyengerera, ndipo ndinaima pa Sinda n'kugona pang'ono monga anandiphunzitsira, ngakhale mtima unali kale kunyumba. Pa Katete ndinaliza hutala kawiri podutsa njira ya kwa apongozi, kaya anamva kaya.

Kwa eni malole a kuno kum'mawa, pempho langa ndi laling'ono. Anyamata ndi atsikana a CE alipo ambiri amene akupalasa njinga ndi kugulitsa pa msika. Mpando wa kumanzere m'malole anu ambiri umayenda wopanda munthu. Ine abwana andilola kuti chaka chikatha ndidzatenge mmodzi.

Njinga ija ndampatsa mng'ono wanga. Amene munali makasitomala anga a m'mawa ku Kapata, mumupeza pamalo pomwe paja pansi pa mtengo. Mumuuze asinthe masipoko a kumbuyo, ine sandimvera. Lachiwiri m'bandakucha ndinyamukanso ndi chimanga.