Riddle: ndagi ndi sefa zinakumana bwanji m'mawu amodzi?

Mukatsegula dikishonale yabwino ya Chingerezi pa mawu akuti riddle, mupeza kuti alembedwa kawiri, poyamba ndi kanambala 1 kenako ndi kanambala 2. Olemba madikishonale amachita zimenezi mawu awiri akakhala osiyana kochokera koma n'kufanana kalembedwe ndi katchulidwe. Riddle woyamba ndi ndagi kapena chilapi, monga "Nyumba yanga yopanda khomo," yankho n'kukhala dzira. Wachiwiri ndi sefa ya mabowo akuluakulu, yangati waya uja amisiri omanga amasefera mchenga wa pulasitala. Awiriwa si pachibale ngakhale pang'ono.

Wa ndagi uja m'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankalembedwa rædels. Anachokera ku mneni rædan, amene ankatanthauza kulangiza, kulingalira ndiponso kumasulira tanthauzo la chinthu. Mneni yemweyu ndiye anabala read wa masiku ano, choncho kuwerenga kalata ndi kumasulira ndagi kwa Angerezi akale inali ntchito imodzi: kutulukira chimene chabisala. Abale ake alipobe, Rätsel m'Chijeremani, raadsel m'Chidatchi ndi raaisel m'Chiafirikansi. Ngakhale dzina lonyodola la mfumu Æthelred the Unready, imene inalamulira England kuyambira mu 978, lili m'banja lomweli. Unræd, mawu akale amene anasanduka Unready, sankatanthauza "wosakonzeka" monga ambiri amaganizira, koma "wolangizidwa molakwika".

Nanga s wa kumapeto kwa rædels anapita kuti? Anthu anayamba kumumva ngati s wosonyeza kuchuluka, ndiye anam'dula pofuna kunena ndagi imodzi. Zinachitikanso kwa pea, amene poyamba anali pease. Ife tinachita zofananako ndi machesi: ma woyambirira tinam'tenga ngati wa kuchuluka, n'chifukwa chake timati "machesi anga atha".

Amene akufuna kuona ndagi za nthawi imeneyo afufuze Exeter Book, buku lolembedwa pamanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 900. Bishopu Leofric, amene anamwalira mu 1072, analipereka ku tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Exeter ku England ndipo lili konko mpaka lero. Muli ndagi zoposa 90, koma mlembi sanaikemo mayankho, motero pa zina akatswiri akutsutsanabe. Zingapo zinapangidwa dala kuti womva aganize zolaula, pamene yankho lake ndi anyezi kapena kiyi basi.

Wa sefa ali ndi njira yakeyake. Ankalembedwa hriddel, ndipo poyambirira penipeni anali hridder. Ma r awiri m'mawu aafupi chotere amavuta pakamwa, ndiye womaliza anasanduka l, zimene sizingadabwitse wolankhula Chichewa. Kenako Chingerezi chinataya h aliyense woyamba mawu motsogana ndi r: hring anakhala ring, hrof anakhala roof, hræfn anakhala raven. H atagwa kwa hriddel, s atagwanso kwa rædels, mawu awiriwa anatsala ofanana. Muzu wa sefayu ndi womwe unapereka cribrum, sefa ya m'Chilatini, ndi mneni wa Chigiriki krinein, kulekanitsa kapena kuweruza. Ndiye kuti critic, crisis ndi discern ndi achibale a sefa, osati a ndagi.

Ku Britain sefa imeneyi ikugwirabe ntchito ndi dzina lomweli. Olima dimba amasefera dothi ndi kompositi pa riddle wa mabowo a mamilimita 6 kapena 12. Dothi likakhala lonyowa limamata mabowo, choncho amayamba aliumitsa. Alimi a mbatata ya kachewere amaisankha kukula kwake poidutsitsa pa riddle, zing'onozing'ono n'kugwera pansi. Amene ali ndi chitofu cha malasha akati riddle the fire akunena kugwedeza zitsulo za pansi pa moto kuti phulusa ligwe, mpweya ulowe. Kugwedeza komweko kumamveka mu riddling ya opanga vinyo wa champagne: mabotolo amawazondotsa m'thabwa loboola, n'kumawatembenuza pang'onopang'ono kwa milungu ingapo mpaka matsokwe onse asonkhane pakhosi pa botolo. Njirayi imadziwika kuti inayambira ku kampani ya Veuve Clicquot cha m'ma 1816.

Pamene ophunzira amagwa kwambiri ndi pa riddled with. Nyuzipepala ikalemba kuti "the car was riddled with bullets," palibe ndagi apa. Galimotoyo yabooledwa ndi zipolopolo mpaka kufanana ndi sefa. Kuchokera pa mabowowo tanthauzo linakula n'kufika pa chilichonse chimene chalowedwa ndi choipa paliponse: riddled with errors ndi lipoti lodzaza zolakwika, riddled with corruption ndi bungwe limene katangale wadya mbali zonse. Womasulira akalemba kuti "lipotilo n'lovuta kumvetsa" ndiye kuti watsegula pa nambala 1 m'malo mwa 2, ndipo wapeputsa mlandu umene wolemba nkhani ankafuna kuumveketsa.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mukayang'ana mawu oyandikana nawo. Pakakhala solve, answer, ask kapena speak in riddles, ndi ndagi. Ndi mmenenso Winston Churchill, wandale wa ku Britain, anawagwiritsira ntchito pa wailesi pa 1 Okutobala 1939, potchula Russia kuti "a riddle wrapped in a mystery inside an enigma". Pakakhala riddled with, ndi sefa, ndipo chotsatiracho chiyenera kukhala choononga: chiswe, matenda, ngongole, mabodza. Pa chimangirizo cha mayeso musalembe "riddled with blessings" poganiza kuti mukukometsa Chingerezi, wochonga adzakudulani malikisi. Pa zinthu zabwino full of akukwanira.