Positano tinafika, koma chidindo cha kubanki chidandiphikitsa mutu

Abale amene mukulota zokapumula kugombe la Amalfi ku Italy, komwe kuli tauni ya Positano, mverani kuno musanalipire hotela. Ine ndi mayi a kunyumba tinanyamukira ku Johannesburg komwe timakhala, koma pasipoti ndi ya kwathu ku Malawi, ndiye viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, sitikanaithawa.

Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, idakwera mu June 2024 kuchoka pa 80, ndipo kampani yolandira mapepala imadyanso yake pambali. Akakukanani ndalamayo yapita. Inshuwalansi ya zachipatala paulendo ifike mayuro 30,000, pasipoti ikhale ndi masamba awiri oyera, komanso itsale ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke ku Ulaya. Zimenezo n'zosavuta.

Nkhani ndi chidindo. Sitetimenti ya kubanki ndinaisindikiza kuchokera pa foni, dzina lilipo, ndalama zikuoneka bwinobwino. Tinalawirira mbandakucha, tinakhala pamzere mpaka dzuwa paliwombo. Kufika pawindo la kampani yolandira mapepala ija, mtsikana wa pamenepo anangoitembenuza kamodzi n'kuikankhira kwa ine. "Ilibe chidindo cha banki, bambo." Pamndandanda womwe anatipatsa panalibe pomwe analemba za chidindo! Ndinati, "Achemwali, banki ili patsidya pa msewu pompa, ndithamange ndibwerenso." Akuti ayi, nthawi yanu yatha, kasakeni tsiku lina pa intaneti. Tsiku linalo linapezeka kutali, matikiti a ndege ali kale m'manja, kuntchito ndapempha kale tchuthi. Mayi a kunyumba sanandilankhule njira yonse yobwerera, ngati chidindocho ndabisa ndine.

Dinditsani tsamba lililonse, osati loyamba lokha. Lamulo limati yankho limabwera m'masiku 15, koma akhoza kulikoka mpaka 45, ndipo amalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Pitani msanga. Hotela sankhani yolola kusintha maganizo osataya ndalama, chifukwa mahotela a pamwamba a ku Positano m'chilimwe usiku umodzi wokha umatha kudya malipiro a mwezi.

Viza itatuluka zinayenda. Sitima yothamanga kuchoka ku Rome kufika ku Naples ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo ikapitirira ku Salerno mumakwerako boti lopita ku Amalfi ndi Positano. Galimoto musabwereke. Msewu wa SS163 ndi wopapatiza, wokhotakhota pamwamba pa phompho, ndipo nyengo ya alendo ambiri amaletsa galimoto masiku ena potengera nambala yomalizira ya galimotoyo. Nyanja ikawinduka maboti sayima pa Positano, ndiye tsiku lobwerera kukakwera ndege musadalire boti.

Ndimaiwala, zikwama. Positano ndi masitepe okhaokha, nyumba zosanjikizana paphiri. Padoko pali anyamata onyamula katundu, amalipiritsa chikwama chilichonse, apatseni basi, msana ndi wanu. Potuluka mu hotela mudzapezanso msonkho wa alendo, munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo m'malo odyera amawonjezera kandalama ka coperto kongokhalira patebulo. Kugombe musayembekezere mchenga wofewa wa ku Mangochi, ndi timiyala todera totentha kumapazi, ndipo bedi ndi ambulera n'zolipira.

Ku Ravello kokha, katauni ka paphiri pamwamba pa Amalfi, ndiye ndinakhululukira onse. Mukaima pakhonde la nyumba yakale ya Villa Cimbrone, zosema za mwala wa mabo zili ndandanda m'mphepete, maboti pansipo amaoneka ngati timadontho. Mandimu ake ena ndi aakulu kudzaza dzanja.

Mapepala onse aja, sitetimenti yodinda ija ndi umboni wa hotela, muwanyamule m'kachikwama ka m'manja. A zolowa ndi kutuluka pabwalo la ndege ali ndi mphamvu yowafunsanso ngakhale viza ili m'pasipoti.